Dungeons & Dragons yabwerera, koma ndani akwanitse kukhala patebulo?

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi ndikambe za masewera amene owerenga ambiri mwina sadawaonepo ndi maso, koma ana awo ayamba kale kuwamva pa YouTube ndi pa TikTok. Dzina lake ndi Dungeons & Dragons. Mu 2024 adakwanitsa zaka 50, ndipo eni ake adawakonzanso n'kuwasindikiza mwatsopano pofuna kukopa m'badwo wa lero. Ine ndine bambo wa ana atatu. Kwathu ndi ku Dedza koma ndimakhala ku Nottingham ku England, ndipo masewerawa ndimasewera ndi ana anga pamodzi ndi ana a anzathu. Ndimawakonda kwambiri. N'chifukwa chake ndili ndi dandaulo pa njira imene eni ake atenga powatsitsimutsa, komanso ndili ndi mawu kwa makolo anzanga amene amachita nthumanzi akangomva dzinalo.

Masewerawa safuna foni kapena kompyuta. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala ndi pensulo. Mmodzi ndiye wotsogolera, amene m'malamulo amatchedwa Dungeon Master. Iyeyu amafotokoza dziko longopeka: mudzi, nkhalango, phanga, mfumu yaumbombo, chinjoka chogonera chuma. Enawo aliyense amatenga mbali ya munthu mmodzi wa m'nthanoyo, wina wankhondo, wina mbala yochenjera, wina wansembe wochiritsa, wina wodziwa matsenga. Papepala pamalembedwa mphamvu za mtengambaliyo, changu chake, nzeru zake ndi katundu amene wanyamula, zonse m'manambala. Wotsogolera akati, "Mwafika pamlatho wa zingwe, tsidya linalo paima mlonda ndi mkondo, mutani?" osewera amanena zomwe akufuna. Wina ati amunyengerere mlondayo, wina ati akwawe pansi pa mlatho. Ngati chinthucho chili chokayikitsa, wosewera amaponya dayisi ya mbali 20 n'kuwonkhetsa nambala yomwe yatuluka ndi ya luso lake. Ikafika pamlingo womwe wotsogolera waika, zatheka. Ikapanda kufika, nthano imakhota ndipo onse amayenera kuganiza njira ina. Palibe wogonjetsa mnzake chifukwa onse ali gulu limodzi, ndipo nkhani yomwe yayambika lero ikhoza kupitirira miyezi.

Amene tidakulira pa nthano za madzulo zimenezi si zachilendo kwa ife. Agogo ankati "Padangokhala," ife n'kuvomera "Tili tonse." Kungoti patebulopa ovomera aja ndiwo amasankha chomwe kalulu achite, ndipo wokamba nthanoyo naye sadziwa komwe ikathere.

Amene adayambitsa masewerawa ndi anthu awiri a ku America, Gary Gygax wa ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ndi Dave Arneson wa ku Minnesota. Onse anali okonda masewera a nkhondo osuntha tizidole ta asilikali patebulo. Arneson ndiye adabwera ndi ganizo loti wosewera aleke kulamulira gulu lonse la nkhondo, atenge munthu mmodzi yekha n'kumamukulitsa ulendo ndi ulendo. Gygax, yemwe nthawi imeneyo ankasoka nsapato kunyumba kwake ntchito ya inshuwalansi itamuthera, adalemba malamulowo n'kuwasanja. Mu Januwale 1974 kakampani ka TSR, komwe Gygax adayambitsa ndi mnzake Don Kaye, kadasindikiza makope 1,000 okha: timabuku titatu m'kabokosi, mtengo wake madola 10. Kuno ku Britain adafika kudzera mwa anyamata a Games Workshop, kampani yomwe idayambira m'nyumba yogona ku London mu 1975 ndipo lero likulu lake lili mumzinda uno wa Nottingham. Poyamba adangoitanitsa makope 6.

Timabuku ta 1974 tinali tovuta kumva, chifukwa tidalembedwera anthu odziwa kale masewera a nkhondo. Chomwe chidafikitsa masewerawa kwa ana ndi bokosi la oyamba kumene. Dokotala wina wa za ubongo ndi mitsempha, J. Eric Holmes, adadzipereka kulembanso malamulowo momveka, ndipo mu 1977 kudatuluka kabuku ka masamba 48. Tom Moldvay adakakonzanso mu 1981 n'kukhala masamba 64. Mu 1983 Frank Mentzer adatulutsa bokosi lofiira, lomwe limayamba ndi kankhani koti mwana asewere yekha uku akuwerenga, akuphunzira lamulo limodzilimodzi mpaka atazolowera. M'mabokosimo munkakhala madayisi ndi krayoni yopakira manambala kuti azioneka. Cha mu 1979 madayisi atasowa, kampani inkaikamo timapepala tolimba ta manambala toti munthu adule, aike m'kapu n'kumatola osayang'ana, ndipo masewera ankayenda bwinobwino.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, a Mkonzi. Nthawi zonse pamene masewerawa adapeza anthu atsopano, chidawakoka chinali chimodzi: mwana wosadziwa kanthu ankatha kutsekula bokosi masana, pofika madzulo n'kukhala akusewera ndi anzake, popanda wamkulu womuphunzitsa ndiponso popanda kubwereranso kwa makolo kukapempha ndalama zina. Nthawi zonse pamene eni ake adaiwala zimenezi, masewera adalowa pansi.

Ndipo adalowadi. Pofika mu 1997 ngongole zinali zitaifika m'khosi TSR, moti idagulidwa ndi Wizards of the Coast, kampani ya ku Renton kufupi ndi Seattle, iyonso n'kugulidwa ndi Hasbro, chimphona chopanga zidole, mu 1999. Eni atsopanowa adachita zabwino zingapo mu 2000 potulutsa mtundu wachitatu wa malamulo. M'malamulo akale munthu akavala zodzitetezera zolimba nambala yake inkatsika, moti 2 ankaposa 7, ndipo kuti udziwe ngati lupanga lako lamupeza mdani unkayang'ana pa tchati kapena kuchotsera manambala m'mutu. Iwo adazitembenuza kuti nambala yaikulu izikhala yabwino ponseponse. Koma mu 2008 adatulutsa mtundu wachinayi womwe udasintha pafupifupi chilichonse. Nkhondo imodzi inkatha kudya ola lathunthu, anthu akusuntha tizidole pa mapu ogawidwa m'timabokosi ndi kuwerengera mphamvu za aliyense. Osewera ambiri adaipidwa n'kusamukira ku Pathfinder, masewera omwe kampani yaing'ono ya Paizo idatulutsa mu 2009 pomanga pa malamulo a mtundu wachitatu. Kuyambira cha mu 2011 Pathfinder idayamba kuyenda malonda kuposa mwini dzina m'masitolo a masewera ku America. Apa n'kuti Gygax atamwalira mu 2008 ndipo Arneson atamutsatira mu 2009.

Zomwe zidadzutsa masewerawa mu 2014 n'zoyenera kuti aziphunzire aliyense wofuna kutsitsimutsa chinthu chakale. Asadasindikize kanthu, kuyambira mu 2012 a Wizards ankagawa malamulo oyeserera kwaulere kuti anthu asewere n'kunena maganizo awo, ndipo kampaniyo idati anthu oposa 175,000 adatenga nawo mbali. Adachepetsa masamu. Mndandanda wa onjezera 2 apa, chotsera 1 apo, adaulowetsa m'malo ndi lamulo limodzi: zinthu zikakhala kuti zikukukomera, ponya madayisi awiri a mbali 20 n'kutenga nambala yaikulu, zikakhala kuti zikukuipira, tenga yaing'ono. Mwana wa zaka 9 amalimva lamuloli kamodzi kokha. Kenako adaika malamulo oyambira pa intaneti kwaulere, n'kutulutsa bokosi la oyamba kumene pa mtengo wa madola 20, momwe munali madayisi 6, atengambali 5 olembedwa kale, kabuku ka malamulo ka masamba 32 ndi ulendo umodzi wokwanira milungu yambiri. Zina zidangothandizira. Mu 2015 gulu la akatswiri a zisudzo lotsogozedwa ndi Matthew Mercer lidayamba kuonetsa masewera awo pa intaneti m'pulogalamu ya Critical Role, ndipo anthu miyandamiyanda adaona koyamba momwe patebulo pamakhalira: kuseka, kukangana, ngakhale kulira mtengambali akafa. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, ambiri adayamba kusewera kudzera pa Zoom ndi pa Discord. Chachikulu n'chakuti woonera uja akafuna kuyesa yekha, ankapeza khomo lili chitsekulire ndipo mtengo wake uli wofikirika.

Pa zaka zomwe kampani inkasochera, osewera wamba sadangopinda manja. Mu 2000 a Wizards adapereka chilolezo chotchedwa Open Game License, cholola aliyense kutenga mbali yaikulu ya malamulo n'kulemba masewera ake, ngakhale kuwagulitsa, osalipira kanthu. Anthu okonda malamulo akale, omwe mabuku ake anali atasiya kusindikizidwa, adagwiritsa ntchito chilolezochi kuwalembanso. Mu 2006 kudatuluka OSRIC ndi Basic Fantasy, mu 2007 Labyrinth Lord, ndipo mu 2019 Gavin Norman adatulutsa Old-School Essentials, momwe adasanja malamulo a 1981 mwaudongo moti mutu uliwonse umathera pa masamba awiri oyang'anizana. Basic Fantasy ya Chris Gonnerman mpaka lero ndi yaulere pa intaneti, ndipo buku lake losindikiza amaligulitsa pa mtengo wongobwezera pepala ndi inki. Ndi imene timagwiritsa ntchito kunyumba kwanga.

Ku Sweden nako kuli chitsanzo chabwino. Masewera awoawo, Drakar och Demoner, adatuluka mu 1982 m'chinenero chawo, ndipo ana a zaka zimenezo adakula nawo. Kampani ya Free League ya ku Stockholm itawadzutsa mu 2023, m'Chingerezi n'kuwatcha Dragonbane, idaika zonse m'bokosi limodzi: malamulo, maulendo, mapu, madayisi ndi tizithunzi toimika patebulo. Idasunga zomwe akale ankazikonda, monga mtundu wa abakha oyenda ndi lupanga, koma kaseweredwe idakasiya kosavuta. Umaponya dayisi ya mbali 20, ndipo ikatuluka nambala yofanana ndi ya luso lako kapena yocheperapo, wakwanitsa. Bambo amene adasewera ali mnyamata ndi mwana wake wa zaka 10 amakhala patebulo limodzi aliyense n'kupezapo chake.

Tsono taonani zomwe zachitika pa chikondwerero cha zaka 50. Mabuku akuluakulu atatu adatulukanso: la osewera mu Seputembala 2024, la wotsogolera mu Novembala, ndi la zilombo mu Febuluwale 2025. Lililonse lili ndi masamba 384 ndipo mtengo wake ndi pafupifupi madola 50. Onse pamodzi ndi masamba oposa 1,100 ndi madola 150. Sindikukana kuti adalembedwa bwino. Buku la osewera latsopanoli limayamba ndi kufotokoza kaseweredwe ndi zitsanzo lisadafike popanga mtengambali, ndipo malamulo oyambira akupezekabe kwaulere pa intaneti. Koma munthu watsopano akalowa m'sitolo amakumana ndi mpanda wa mabuku okhuthala, ndipo kupanga mtengambali mmodzi yekha kumatha kudya madzulo onse. Asankhe mtundu, asankhe mbiri, asankhe luso lapadera, asankhe ukatswiri wa chida. Ndaonapo ana akuyasamula nthano isadayambe n'komwe. Mwana amene kwawo kulibe ndalama zotere, kaya ali ku Bulwell kuno kapena ku Ndirande, amangoona kuti zimenezi si zake, n'kubwerera pafoni.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi komwe mtima wa kampani ukuloza. Mu 2022 Hasbro idagula D&D Beyond, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amasungira atengambali awo ndi kugula mabuku owerenga pakompyuta, pa mtengo wa madola 146 miliyoni. Kumapeto kwa chaka chomwecho mkulu wa Wizards adauza eni masheya kuti masewerawa sakubweretsa ndalama molingana ndi kutchuka kwake. Patangopita milungu yochepa, mu Januwale 2023, kudaululika chikalata chosonyeza kuti kampaniyo ikufuna kuthetsa chilolezo chija cha 2000 n'kuika china, chomwe chinkati aliyense wopeza madola oposa 750,000 pachaka azipereka 25 peresenti ya ndalama zopitirira pamenepo. Osewera adapsa mtima. Ambiri adasiya kulipira D&D Beyond, makampani ang'onoang'ono adalengeza kuti apanga malamulo awoawo, ndipo anthu oposa 15,000 adayankha kafukufuku wa kampaniyo, ochuluka zedi akukana. Pa 27 Januwale a Wizards adabweza moto. Chilolezo chakale adachisiya momwe chinalili, ndipo maziko a malamulo, chikalata cha masamba pafupifupi 400, adawaika pansi pa chilolezo cha Creative Commons chomwe sangathe kuchilandanso. Anthu omwe adasunga masewerawa pamene ankafa ndi omwenso adawateteza pamene adayamba kununkhira ndalama.

Sindili m'gulu la anthu oti chakale chilichonse n'chabwino. M'mabuku akalewo muli zinthu zomwe sindingaziike pamaso pa mwana wanga wamkazi. Buku la osewera la 1978 lidaika malire pa mphamvu za mtengambali wamkazi kuti asafike pomwe mwamuna angafike, ndipo lamuloli adalichotsa mu 1989. Kwa zaka zambiri mitundu ina ya anthu a m'nthano inkalembedwa kuti ndi yoipa chibadwire, ndipo umodzi mwa mitundu yotchuka yotere, otchedwa drow, unali wa khungu lakuda. Mayiko a m'nkhalango otengera Africa ankajambulidwa ngati malo ongodikira mlendo kuti adzatole chuma. Mu 2020 kampani idavomera poyera kuti zina mwa izi zimafanana ndi momwe mitundu yeniyeni ya anthu yakhala ikunyozedwera. Koma mu 2022 idasindikizanso nkhani ya zolengedwa zonga anyani zomwe wamatsenga wina adazigwira, n'kuzipatsa nzeru ndi cholinga chokazigulitsa ngati akapolo. Anthu atadandaula idapepesa n'kuichotsa. Pamenepa okonza atsopano achita bwino kusintha. Amene amadandaula kuti kusinthaku kukuononga masewera sadakhalepo patebulo ndi mwana wofunsa chifukwa chake oipa onse ali ndi khungu longa lake.

Koma pali zabwino zakale zomwe zidatayidwa pamodzi ndi zoipazo, ndipo izi ndimazilira. M'malamulo a 1981 mtengambali amayamba ali wofooka. Wamatsenga amakhala ndi tsenga limodzi lokha patsiku, ndipo muvi umodzi ukhoza kumupha. Ndiye ana amaphunzira msanga kuti ndewu ndi njira yomaliza. Mukakumana ndi chilombo kapena gulu la achifwamba, wotsogolera amaponya madayisi awiri a mbali 6 kuti aone ngati alusa, akayika kapena afuna kucheza. Nkhondo ikayamba, adani amatha kuchita mantha n'kuthawa kapena kugonja mnzawo woyamba akangogwa. Ndipo mtengambali amakula makamaka chifukwa cha chuma chomwe watuluka nacho m'phanga, pamene kupha kumapereka zochepa. Zotsatira zake n'zakuti ana amakambirana, amawerenga miuni yomwe yatsala, amajambula mapu pa kope la masamu kuopa kusochera, amapatsa mlonda chakudya kuti awalole kudutsa. M'malamulo atsopano mtengambali amayamba ali kale ngwazi, ndipo mwana akakumana ndi vuto maso amathamangira papepala kufunafuna mphamvu yoti agwiritse ntchito. M'akale papepala pamakhala zochepa, choncho amatembenukira kwa anzake n'kufunsa kuti, "Titani?" Funso limenelo ndi lomwe ine ndimafuna kulimva m'nyumba mwanga.

Tsopano kwa makolo anzanga. Ndikudziwa kuti pakati pathu chinjoka, matsenga ndi madayisi zikatchulidwa pamodzi, ena aganiza za juga, ena za usatana. Za juga n'zosavuta kuyankha: palibe ndalama yomwe imabetchedwa ndipo palibe wodya mnzake. Za usatana, mantha amenewa adayamba kalekale ku America komweko. Mu 1979 mnyamata wa zaka 16 adasowa pa yunivesite ya Michigan State, ndipo wofufuza amene banja lidamulemba ntchito adaganiza kuti mwina watayika akusewera masewerawa m'ngalande za mapaipi pansi pa sukuluyo. Nyuzipepala zidawanditsa nkhaniyo dziko lonse. Mnyamatayo adapezeka patapita milungu ingapo, ndipo zidadziwika kuti adathawa chifukwa cha mavuto ena omwe ankamusautsa mumtima. Mu 1983 mayi wina, Patricia Pulling, amene mwana wake adadzipha, adayambitsa bungwe lolimbana ndi masewerawa ndipo adakasuma kukhoti, koma milandu yake idathetsedwa. Mabungwe a zaumoyo ku America ndi ku Canada atafufuza sadapeze umboni woti masewerawa amachititsa ana kudzipha. Chisoni cha mayiyo chinali chenicheni ndipo sindichipeputsa, koma umboni sudagwirizane ndi zomwe ankanena.

Komabe sindikukuuzani kuti mutsinzine. M'mabukumo muli ziwanda, milungu yopeka ndi amatsenga, ndipo kholo lili ndi ufulu wonena kuti izi m'nyumba mwanga ayi. Ubwino wake ndi woti palibe chomwe chimalowa m'nthano popanda wotsogolera kuchilowetsa. M'nthano zathu mulibe ziwanda chifukwa mayi a kunyumba adakana, ndipo masewera sadachepe kukoma. Palibenso mawu amatsenga omwe mwana amaloweza kapena kutchula. Amangoti "ndiponya moto" n'kuponya dayisi, basi. Musaletse musadaone. Khalani nawo madzulo amodzi, tengani mtengambali wanu, mumve zomwe ana anu amalankhula akaiwala kuti mulipo.

Kwathu timasewera Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi, mbale zikachotsedwa. Pamakhala ana anga, ana a banja lina lochokera ku Chipata, ndi mtsikana wina yemwe agogo ake adachoka ku Malawi kalekale kukagwira ntchito m'migodi ya ku Zimbabwe. Mafoni onse amapita pamwamba pa firiji. Ana onsewa adabadwira kuno kapena adabwera ali aang'ono, ndipo Chichewa amachimva koma amachita manyazi kuchilankhula. Ndiye ndidaika lamulo langa loti anthu a m'midzi ya m'nthano yathu samva Chingerezi. Ukafuna kuti mfumu ikupatse malo ogona, uyenera kuipatsa moni mwaulemu, kuwomba m'manja, kufotokoza komwe wachokera ndi chomwe wadzera. Ukalankhula ndi nyakwawa ngati mnzako wa kusukulu, ukagona panja pomwe afisi akuyenda. Mtsikana uja, amene poyamba ankangomwetulira ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, tsiku lina adaima n'kudandaulira mfumu m'Chichewa chothyokathyoka kuti imasule mnzake yemwe adaba mbuzi. Adalimbikira mpaka adagwirizana zolipira nkhuku zitatu ndi kukalima kumunda kwa mwini mbuzi. Dayisi sidaponyedwe pamenepo. Mayi ake adandiimbira foni usiku wake kundiuza kuti mwanayo wapempha yekha kulankhula ndi agogo ake ku Kadoma.

Pochita zimenezi ndakumana ndi funso lomwe aliyense wofuna kubweretsa masewerawa kwathu adzakumana nalo: ndi ziti za kwathu zoyenera kulowa m'nthano? Kalulu, fisi, fulu, mapiri okhala mizimu, amalonda a minyanga ndi mchere, mafumu a nthawi ya Amaravi, zonsezi zimalowa bwino. Gule Wamkulu ine sindimulowetsa. Ndine Mchewa, ndipo ndikudziwa kuti zilombo za kudambwe si zoti zilembedwe m'buku ndi manambala a mphamvu kuti ana azilimbana nazo n'kulanda chuma. UNESCO idamuzindikira guleyu mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo eni ake alipo, akuvina mpaka lero ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Ngati tikudandaula kuti olemba a ku America adasandutsa miyambo ya ena kukhala zinthu zoseweretsa, ifenso tisachite zomwezo ndi yathu.

Chilolezo cha Creative Commons chija chimalola aliyense kumasulira maziko a malamulowa, kuwafupikitsa, kuwasintha ndi kuwasindikiza, malinga atchule komwe wawatenga ndipo asagwiritse ntchito dzina ndi chizindikiro cha kampani ngati zake. Eni ake adawamasulira kale m'Chifalansa, Chijeremani, Chitaliyana ndi Chisipanishi. Sindikuyembekeza kuti adzatichitira m'Chichewa, ndiponso masamba 400 onsewo sitikuwafuna. Masamba 20 akwanira: kapangidwe ka mtengambali, kaponyedwe ka dayisi, zilombo zochepa, mudzi umodzi ndi phanga limodzi. Komwe kulibe madayisi a mbali 20, timapepala ta manambala m'kapu tigwira ntchito monga tidagwirira ku America mu 1979. Mphunzitsi wa Chichewa amene amavutika kufotokozera ana za atengambali ndi tsatanetsatane wa nkhani apeza kuti mwana amene wapanga yekha mtengambali, n'kumuona akuvutika chifukwa cha zosankha zake, amazimva zinthu zimenezi mosavuta. Makalabu a m'sukulu za sekondale ndi nthambi za National Library Service ndi malo oyenera, chifukwa matebulo ndi mipando zilipo kale, ndipo magetsi akazima masewera saima.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi tsamba limodzi pamwezi. Theka likhale mapu a malo, theka linalo anthu okhalamo, zomwe akufuna ndi zomwe akubisa, kuti mwana wa Fomu 2 adule tsambalo, aitane anzake anayi n'kutsogolera yekha. Mwezi woyamba mukhoza kuikapo malamulo achidule. Ine ndalemba kale maulendo angapo omwe ana a kuno adawayesa, ndipo ndine wokonzeka kuwatumiza kwaulere ngati mungapeze wojambula mapu ndi mphunzitsi wa Chichewa woti aunike mawu ake. Owerenga ena amene amasewera kale, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg, alembe kudzera mwa inu kuti tigawane ntchitoyi.

Ndine wanu,
Bambo wa ana atatu,
Nottingham, England